Mukafika pa Mkuyu, Mukhote

Lolemba
Pikapu ya malemu bambo yalira! Utsi bii, nkhuku balala, koma yalira. Cholinga: Loweruka ndiwatengere mayi ku Chulu, akaone mkulu wawo amene akudwala, mvula isanatseke njira. Osati pamsewu waukulu. Njira yakale ya kutchire, imene bambo ankadutsa ndi mabelo a fodya, ine nditakhala pamwamba, fumbi lili m'mano.
Mayi akuti, "Njirayo ankaidziwa ndi bambo ako. Iwe unkagona."
Sindinkagona. Mwina pang'ono.

Lachiwiri
Ndiyambe ndaiyesa ndekha. Zonyamula: khasu, chingwe, jeke, madzi, mtedza wokazinga. Bambo ankangotenga chipewa.
Zomwe ndikukumbuka: pa mkuyu kukhota kumanzere, pa mibawa iwiri kutsetsereka, kenako kachigwembe kamene tinkakalumpha ndi miyendo.

Lachitatu
Mitengo kulibe! Mizere, zigafa za fodya, mizere. Ndafunsa bambo wina amene akukhoma chigafa, akuti ndikafika pa mkuyu ndikhote. Ndayenda, ndabwerera, ndafunsanso mwaulemu kuti mkuyuwo uli pati.
"Aa, unadulidwa kalekale, achimwene. Koma mukhote pomwepo."
Anzake akuvomereza ndi mitu. Vuto ndine?

Lachinayi
Ndakhota pamene mtima wanena kuti panali mthunzi. Ndaponda mizere yatsopano ya munthu. Pepani wambirimbiri. Mwini munda sanakwiye, akuti ndakhota msanga, ndikanafika kaye pa mibawa iwiri. Akuloza ndi khasu. Ndayang'ana: thambo lokhalokha.
Ndazimitsa injini. Mpando ukununkhabe fodya wouma. Bambo ankayamba nyimbo ya kwaya akamasintha giya, giya ikakana nyimbo imakwera.

Lachisanu
Chigwembe ndachipeza. Chakula! Makoma ofiira, kutalika kuposa nyumba yathu. Ndayesa potsikira ng'ombe. Pikapu yalowetsa mphuno pansi, mbuyo m'mwamba, ngati ikupemphera. Ng'ombe zangolo zakoka, chingwe changa chatsopano chaduka. Ndabwerera wapansi, jeke paphewa, sindikudziwa chifukwa chake. Kumadzulo mitambo yada.

Loweruka
Mvula yoyamba. Akuti matope afika m'zitseko za pikapu. Mayi ali pakhonde, chitenje chatsopano, shuga ndi sopo za wodwala zili pamiyendo. Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Akuti mawa apita basi, ngakhale pa njinga yamoto.

Lamulungu
Ndawaperekeza pasiteji titaweruka kutchalitchi. Wakabaza ndi mlendo kuno, njira sakuidziwa. Mayi wina wogulitsa tomato akumulongosolera: "Mudutse pa mkuyu, pa mibawa iwiri, mukafika pa pikapu mukhotere kumanja, powolokera pali pomwepo."
Pa pikapu. Kale chonchi!
Masana mayi ayimba foni: afika bwino, mkulu wawo wawazindikira, wamwa phala. Akuti galimoto aiona, yakhala bwinobwino.
Makiyi ndawabwezera pa msomali wa bambo. Kaya ndidzaitulutsa chilimwe, kaya ayi. Anthu azikhotabe pomwepo.