Mchere wa M'dziwe la Mkamwini Wanga

Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Chawama, ndipo anthu amandidziwa kuti sindifulumira kuyankhula. Nkhani ino ndi ya tsiku limene ndinafulumira, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero. Ndasankha kuikamba ndekha, chifukwa amene akuikamba pamsika ayamba kuiwonjezera.

Mwana wanga wamkazi, Esnati, anakwatiwa ndi a Sakala, munthu wofatsa wogulitsa zitsulo zomangira nyumba. Anamanga ku Makeni, ndipo kuseri kwa nyumbayo anakumba dziwe losambiramo, limene iwo amalitcha pool. Zaka zinapita ndithu, koma m'nyumbamo simunamveke kulira kwa khanda. Potuluka m'tchalitchi ndinkaona akulu anzanga atanyamula adzukulu paphewa, ine nditapanira buku la nyimbo m'khwapa. Amayi ake a Esnati akanakhala moyo, akanamutengera kuchipinda n'kumufunsa bwinobwino. Koma iwo anatsogola, ndipo kwathu ku Katete bambo safunsa mwana wake wamkazi zoterozo. Nanga mkamwini? Ameneyo timangopatsana moni maso ali pansi.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kukawapatsa chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu, cha m'kadimba kanga. Ndinapeza a Sakala atapinda buluku mpaka m'mawondo, akukhuthulira mchere m'dziwe lija. Sunali mchere wa pandiwo ayi, anali matumba aakulu ngati a feteleza. Esnati anali m'mbali, akuvundula madziwo ndi burashi ya mpini wautali.

"Mwachoma bwanji, atate?" anatero a Sakala, akuwerama.

"Tachoma, apongozi. Ndaona ntchito ilipo."

"Ilipo, atate. Madzi aya yatisautsa maningi. Tayesa vonse, manje batiuza kuti tiyese mchere."

"Anakuuzaniyo ndi munthu wodziwa?"

"Wodziwa, atate. Akuti bambiri bathandizika. Pa Saturday ikubwera ndiye tizatsiriza vonse."

Aliyense amene anakhalapo pansi pa Malemba akudziwa za anthu a ku Yeriko, amene anadandaula kwa mneneri kuti madzi a mumzinda mwawo ndi oipa ndipo akupititsa padera. Mneneriyo anaitanitsa mchere m'chotengera chatsopano, anauthira pakasupe, madziwo n'kuchira. Ndinayang'ana Esnati, iye n'kuyang'ana m'madzi. Ndinati mumtima: ana angawa akhala akulira okha nthawi yonseyi, ndipo tsopano agwira njira ya chikhulupiriro. Sindinafunsenso kanthu. Ndinasiya chibwabwa n'kutsanzika, ndipo m'minibasi misozi inalengeza mpaka kondakitala anandiuza kuti nditseke windo chifukwa cha fumbi.

Chinthu chimodzi chinandidetsa nkhawa. Lusaka yadzaza ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, ndipo sindinadziwe kuti ana angawo anapita kwa uti. Ndinaona kuti ndi udindo wanga kuphimba mcherewo ndi pemphero loyenera la mpingo. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinaitanira pambali amake Dalitso, mtsogoleri wa amayi.

"Nkhaniyi ikhale ya awirife," ndinatero. "Mungopeza mayi mmodzi kapena awiri odziwa kupemphera ndi kusunga pakamwa."

"Ba elder, musadandaule. Ine nili monga manda."

Loweruka m'mawa ndinapeza minibasi yathunthu ikundidikira, amayi atavala yunifomu, ambiri atanyamula zigubu zopanda kanthu.

"Zigubuzi n'zachiyani, amake Dalitso?"

"Ba elder, muganiza ni mwana wanu chabe wamene afuna mwana mu Chawama?"

Ndinayenera kubwerera pomwepo. Koma ndinaganiza za kamwana kogona pachifuwa panga, kakundikoka tayi, ndipo ndinakwera.

Tinalowa pageti tikuimba. A Sakala anali atagwada pafupi ndi pampu ya dziwe. Anali atadula paipi yobwezera madzi, atapaka kale guluu kumapeto kwake. M'dzanja lina anagwira chinthu chonga botolo lalikulu loonekera mkati, chokhala ndi timapale tachitsulo ndi chingwe cha magetsi. Atationa anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mkamwini safunsa apongozi ake chimene abwerera.

"Khalani momwemo, apongozi," ndinatero, ndikuvula nsapato. "Musasiye chimene mwagwiracho."

Ndinasanjika dzanja pa chinthu chija, poganiza kuti ndicho chotengera chatsopano cha mwambowo, ndipo ndinayamba. Ndapemphera m'maliro, m'maukwati ndi m'misonkhano yaikulu, koma sindinapempherepo monga tsiku limenelo. Ndinapempha kuti madziwo achire. Ndinapempha kuti asakhalenso madzi ouma mtima, koma kuti mutuluke moyo, moyo wochuluka, wosawerengeka, wodzaza bwalo lonse ndi phokoso usana ndi usiku. Amayi ankavomera ndi mphamvu. A Sakala nawonso ankati ameni, thukuta likutsika, manja onse awiri ali m'mwamba ndi katundu wawo. Ndinamva pambuyo pake kuti guluu wa mapaipi sadikira kuti pemphero lithe.

Nditatsegula maso, amayi anali atandanda m'mbali mwa dziwe akutunga. Esnati anali atagwada pafupi nane, chitenje atachikulunga mofulumira pamwamba pa buluku.

"Atate, ni chani ichi?" ananong'ona.

"Usaope, mwana wanga. Ndinaona mchere uja, ndipo ndinamvetsa."

"Munamvetsa chani?"

Ndinamukumbutsa za Yeriko. Anandiyang'ana, kenako anagwira pakamwa.

"Atate, mchere uja ni wa makina. Madzi yapita mu chinthu icho chamene mwagwira, ndiye malaiti yasandutsa mchere kukhala klorini, uja wamene tiika mu madzi yakumwa nthawi ya kolera."

"Kuti chichitike n'chiyani?"

"Pool inali kubiriwira. Ndere, udzudzu, achule kuikiramo mazira. Nchito ya makina aya ni yakuti mu madzi umu musabadwe chinthu chili chonse."

Sanakweze mawu, koma amayi a mpingo amamva ngakhale zonong'ona za m'nyumba yachitatu. Kenako ndinamva zigubu zikukhuthulidwa, chimodzi pambuyo pa chinzake. Amake Dalitso, amene anali atalawako kale pachikhatho, analavulira m'maluwa.

"Ba elder," anatero, akupukuta milomo, "manje ameni wathu uja tizamubweza bwanji?"

Ndinachotsa dzanja langa pa makinawo pang'onopang'ono. Chimene chinandiwawa si kuseka kwa amayi, kumene kunayamba asanafike n'komwe pageti. Chinandiwawa n'chakuti chisoni chimene mwana wanga anachisunga m'nyumba, ine ndinachikweza minibasi n'kuchiimbira nyimbo. Ndinafuna nsapato zanga osaziona, ngakhale zinali pafupi ndi mapazi anga pomwepo.

Esnati ndiye anandiveka. Akumanga zingwe, ananena osakweza mutu: "Sininadziwe kuti mumaviganiza, atate. Na ise tiyembekezela. Mukafuna kupemphera muzibwera mweka, tizakhala mu sitting room." Anandifinya chala monga ankachitira ali wamng'ono powoloka msewu, ndipo ndinadziwa kuti sananditaye.

A Sakala anadikira mpaka amayi onse atatuluka. Paipi yawo inali itauma guluu, yofunika kudulanso.

"Atate," anatero mwaulemu, "pemphero talandira na manja yawiri. Chabe ningapemphe kuti mukamveketse bwino kumwamba kuti munali kukamba va mu nyumba."

Ndinalonjeza, koma zikuoneka kuti ndinachedwa. Makinawo anawalumikiza, madzi n'kuyera ngati galasi. Mvula itayamba, magetsi anayamba kuzima tsiku ndi tsiku, ndipo ku Makeni anakhala nthawi yaitali osayaka mokwanira. Pampu inaima, makina n'kugona. M'mawa wina foni yanga inalira. Anali Esnati, akulephera kuyankhula chifukwa cha kuseka.

"Atate, pemphero lanu layankhidwa. Bwerani muone bazukulu banu. Badzaza pool yonse, sitingabawerenge, na bonse bali na michira."

Ndinapita, n'kuimirira m'mbali mwa dziwe, ambululu akuyendayenda m'madzi obiriwira. Ndinavula chipewa, pakuti yankho ndi yankho. Mdzukulu wopanda mchira ndikumudikirabe, ndipo masiku ano ndimamupempherera ndili ndekha, chitseko chili chotseka.

Musanasanjike dzanja pa chinthu, abale, muziyamba mwafunsa mwini wake kuti chimagwira ntchito yanji.