Mtsikana wa dengu la tomato

Mpaka lero ndikamadutsa pabalaza m'nyumba yanga yomwe ndimaweramitsa mutu, ndipo chinandilakwitsa ndi pakamwa pangapa.

Kunali chionetsero cha zithunzi zakale mu holo ina pa Kamwendo. Mwini wake anali mdala wina wa imvi, amene paunyamata wake ankazungulira misika ndi kamera, kujambula anthu iwo osadziwa. Ndinapita ndi mkazi wanga, koma iye anatsalira panja, akuti akudikira munthu wochokera ku Ludzi. Sindinafunse kuti ndani.

Abale, munali zinthu! Ife tinazolowera chithunzi choima njo ngati msilikali, dzanja lili pa duwa la pulasitiki. Umu munali moyo weniweni: matenanti ali mtulo pa mabelo a fodya, wokonza njinga sipoko ili kukamwa, mayi akukalipira mbuzi yomwe yamubera chimanga. Ndinkachita kumva phokoso la msika.

Kenako ndinaima pa chithunzi china. Mtsikana akupalasa njinga yachimuna, dengu la tomato lili pamutu osaligwira, akuseka, kumbuyo anyamata atatu atangoti kukamwa yasa.

"Mdala, munachita bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinangomva belu, n'kutembenuka. Ndikanaphethira, akanadutsa."

Ndikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ndinakweza mawu, holo yonse kumva: "Chiphadzuwa ichi! Ndikanabadwa nthawi imeneyo, ndikanakalima munda wa kwawo wonse ndekha, osapuma!"

Kumbuyo kwanga wina anatsokomola. Kucheuka, ndi mkazi wanga, pambali pake pali chitenje chomwe ndinachizindikira msanga. Apongozi anga aakazi! Maso anathawira pansi. (Paja kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Mawu awo ndimawadziwa, zitenje zawo ndi mapazi awo ndimazidziwa, koma nkhope ayi. Ndipo ulemu umenewu ndi umene ankanditama nawo mudzi wonse.)

"Bambo a Chisomo," anatero mkazi wanga, akulimbana ndi phwete, "amene mukuwafunsirawo ndi amayi."

Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Apongozi sanalankhule nane, analankhula ndi mwana wawo monga mwa mwambo: "Uwauze amuna akowa kuti munda uja ukadalipo. Khasu ndiwabwereka."

Holo inaphulika. Mdala uja anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo chionetsero chitatha anawapatsa apongozi chithunzicho. Iwo anapatsa mwana wawo, mwana wawo n'kuchikhoma pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wanga.

Munda ndinalimadi, mizere yonse, matuza mpaka m'zala. Chithunzicho ndi chokongola kuposa chilichonse chomwe ndinaonapo, ndipo m'nyumba muno ndine ndekha wosaloledwa kuchiyang'ana. Kukakhala kulibe anthu ndimachiyang'ana mwakuba kamodzikamodzi, koma ndikulumbira, ndimangoyang'ana njinga yokha.