Paipi Yakuda ndi Chinkhoswe cha Esinati

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu achimwene mwamangirira paipi pamwamba pa minibasi, imeneyo mukuti paipi? Kaulusi kameneko? Kondakitala, siya kumenya chitseko, galimoto yako sinadzadze. Ine ndine Kandulu, ndinayendetsa thiraki mumsewu wa ku Tete mpaka ndevu kuyera, ndipo zimene ndikuuzenizi Mwanza yense anaziona ndi maso. Amene sanaone anali kumaliro.

Nyumba yanga ili kumtunda, kuseri kwa msika. Nditaigula ndinapezamo paipi yachitsulo yochokera pa mita kufika kunyumba, yopyapyala ngati chala cha mwana, yokwiriridwa kalekale ndi mwini wake woyamba. Madzi ake, abale anga! Ukatsegula mpopi m'mawa dontho linkasuzumira, kuona kunja, n'kubwerera, n'kudzagwa masana, ndipo nkhuku zanga zinkafola mzere pansi pake mpaka zina kuikira mazira pomwepo, kufungatira, kuswa, anapiye n'kuyamba kulira kokoliriko dontho lachiwiri lisanagwe. Mukumva?

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Mnyamata wake wa ku Blantyre, abale ake anthu ozolowera shawa, ndipo anali oti adzagona kwathu. Amake Esinati anandiimira pakhomo manja ali m'chiuno. "Bambo, ine msana watha ndi ndowa. Alendo akadzapeza mpopi ukulira misozi chonchi, ine ndikwera njinga wa ku Thambani kwa achimwene anga, chinkhoswecho mudzavine nokha." Mayi amene uja sanena kawiri. Chikwama anali atachitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Ndinathamangira kwa a Zuze okonza mipopi, ndinawapeza ali gone ndi malungo. Mnzawo wa ntchito yomweyo anali atapita ku Neno. Masiku akutha, chimera cha thobwa chili padzuwa, mbuzi yamangidwa kale, ine mpando osakhalika. Ndinati basi, paipi imeneyi ndisintha ndekha.

Unali mwezi wa Okutobala, nthaka yolimba ngati konkire. Ndinatseka madzi pa mita, ndinalavulira m'manja, ndinamenya piki kamodzi, moto unathetheka n'kuyatsa fodya wa aneba amene anali kukhutu kwawo, ndinamenyanso, piki inafiira n'kupindika ngati nthochi, ndinaitaya n'kuyamba kukumba ndi manja, dothi likuuluka kumbuyo kwanga ngati fumbi la thiraki, likudutsa pamwamba pa msika, pamwamba pa chipata cha m'malire, n'kukagwa ku Zobwe, ndipo chulu chimene mumachiona mukangolowa ku Mozambiki chija ndi dothi la pakhomo panga, anzathu a kumeneko amadzalapo maungu mpaka lero osanena n'komwe zikomo. Ndikunama? Ngati ndikunama dzanja ili liume.

Paipi yakale itaonekera ndinaigwira kuti ndiizule, ikukana. Ndinakokanso, ikukana. Kuyang'anitsitsa, mizu ya mtengo wanga wa manachesi yaikulunga, ina yaboola n'kulowa m'kati. Kani wakuba madzi anga anali mtengo umenewu! N'chifukwa chake nachesi limodzi linkafuna anthu awiri kulinyamula. Ndinaponda mwendo pa maziko a nyumba, ndinakoka ndi mphamvu zonse, paipi inatuluka pamodzi ndi mtengo, mtengowo n'kutera choimirira kuseri kwa mpanda, osagwetsa ngakhale tsamba, ndipo aneba anauona m'munda mwawo n'kuyamba kuuthirira ngati wawo.

Ndinafuna kuona chimene chinali m'kati mwa paipiyo. Ndinaika pakamwa n'kuuzira. Poyamba linatuluka dzimbiri, thambo la Mwanza n'kufiira, amayi kumsika n'kuyamba kulongedza katundu poganiza kuti kwada. Kenaka anatuluka chule amene analowa ali mbululu n'kukulira momwemo, wamtali ngati chingwe choyanikira zovala, mutu uli pa mapazi anga miyendo ikadali pa mita. Pomalizira anatuluka madzi akalekale, a nthawi ya chipani chimodzi, amene anatsekeredwa momwemo zaka zonsezo. Anatuluka mwakachetechete, akucheuka uku ndi uku, n'kuima pamalo amodzi akunjenjemera, osayenda, mpaka nditawauza kuti yendani, za makhadi a chipani zinatha, tinavota kale. Mukumva inu? Ndi pamene anatsetsereka.

Paipi yatsopano ndinali nditakaigula ku Blantyre, yakuda, ya pulasitiki, yonenepa ngati mwendo wangawu, yokulungidwa ngati nkhata. Itagona padzuwa tsiku lonse inatentha, ndipo nditangodula zingwe zake inadzuka. Inadzuka, ndikuti! Inadzitambasula ngati nsato, inandikulunga m'chiuno, inatuluka nane pageti, inatsetsereka nane kumsika ine ndili pamsana pake ngati pa bulu, tikudumpha milu ya tomato, tikudutsa pakati pa miyendo ya ng'ombe, anjinga akudzigwetsa m'ngalande, n'kukalowa mumsewu waukulu, tikupitirira mathiraki a mafuta madalaivala akuimba mahutala pondizindikira, mchira wake ukadali pakhomo panga amake Esinati ataupondera ndi mtondo. Tikuyandikira chipata cha m'malire ndinaigwira pakhosi n'kuinong'oneza kuti iwe, ulibe pasipoti, uko akakudula n'kukugulitsa zidutswazidutswa. Inaima njii. Ndinaitembenuza, inabwerera nane yokha mpaka m'ngalande yanga, ndinaikhalira, amake Esinati akukwirira ndi fosholo, thukuta lathu lokha likupanga matope.

Ndinalumikiza ku mita, ndinalumikiza kunyumba, ndikumanga komaliza ndi sipanala, ndinamva galimoto ikukwera mtunda. Alendo! Madzi sindinayese n'komwe. Anatsika a Likoswe, malume ake a mnyamata, bambo wamkulu thupi, wa suti, fumbi lili mpaka m'nsidze. Titangopatsana moni anati, "Bambo Kandulu, tisanakambe chilichonse, ndingasambeko?" Amake Esinati anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pamene panali chikwama chija. Mtima wanga unagunda mpaka mabatani a malaya kuthothoka. A Likoswe analowa m'bafa, ine ndinathamangira pa mita n'kutsegula.

Nthaka inanjenjemera. Madzi anathamanga mwakuti anafika m'bafa ine ndisanamalize kupotoza, ndowa zimene zinali zovundikira pakhonde zinadzadza zili chovundikira, ndipo m'bafa munamveka phokoso ngati tayala la thiraki laphulika, malata n'kutseguka, a Likoswe n'kutulukira padenga atakhala pamwamba pa madzi ngati pa mpando, sopo ali m'manja, thawulo lili m'chiuno mwa chisomo cha Mulungu, akukwera, akukwera, akhwangwala akuwapatukira, mpaka anthu a ku Thambani anawaona n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha bwinobwino monga munthu woleredwa.

Ine ndinafuna kutseka msanga. Amake Esinati anandigwira dzanja. "Mukatseka kamodzi agwa, mwana wathu akhala wosakwatiwa. Pang'onopang'ono, bambo." Ndinapotoza pang'onopang'ono, a Likoswe akutsika ngati mbendera, n'kudzatera pa mkeka pakati pa ankhoswe, oyera mbuu, khungu likuwala, imvi zonse zitachoka, mwakuti akazi awo anawafunsa kuti mnyamata iwe ndiwe mwana wa ndani. Atapuma anati, "Banja la madzi otere sitingalisiye. Kambani zimene mukufuna." Chinkhoswe chinavinidwa mpaka fumbi, kapena ndinene matope, ndipo chikwama chija chinabwerera pamwamba pa kabati. Esinati ali ku Blantyre ndi ana ake, mukakamufunsa akakuuzani zomwezi.

Mwati chiyani kumbuyoko? Zigubu zili panjinga yangazi? Musaziyang'ane zigubu. Paipi ngati imene ija munthu satsegula tsiku wamba. Nditati ndiitsegule kuti nditunge madzi a tiyi, mtsinje wa Mwanza uuma, ndipo inu nomwe mubwera kudzandilirira pakhomo. Ndimaisunga chifukwa cha inu. Patukani ndidutse, amake Esinati andituma ku mjigo ndipo mzere ukutalika.