Ramu Yanga Pamphasa ya Apongozi

Mukadzamva anthu a pa Mayani akunena kuti ine ndinayanikapo kompyuta pamphasa ngati ufa, musawatsutse. Sakunama. Chomwe amasiya n'chakuti nzeru imeneyo sinali yanga, ndipo ndi yokhayo yolongosoka imene inaoneka pakhomo panga sabata imeneyo.

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Sukulu ya zimenezi sindinapiteko, ndinangophunzira powerenga pa foni (vuto la munthu wodziphunzitsa yekha n'lakuti mphunzitsi ndi wophunzira satsutsana). Ndiye msuweni wanga wa ku Joni atabwera, ananditengera ramu: timapulanga tiwiri tonyezimira, tokhala ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Ramu ndi pamene kompyuta imayala ntchito yomwe ikugwira. Ikakhala yachangu, ntchito yokonza vidiyo imatha msanga.

Ndinawerenga kuti ramu yamtunduwu amapangira anthu okonda kukwapula kompyuta kuti ithamange kuposa liwiro lomwe inabadwa nalo. Ndinawerenganso kuti mdani wa masewerawa ndi kutentha, moti akatswiri akunja amachita kugula mankhwala ozizira kwambiri n'kumathira pamakina. Apa ndinaseka ndekha. Kuzizira amagula? Ife kuno ku Dedza, mwezi wa Juni, kumatidikirira pakhomo kwaulere!

M'kompyutamo munali vidiyo ya ukwati wa mlamu wanga Chisomo, mzime wa apongozi anga. Khadi la m'kamera ndinali nditafufuta kale, choncho ukwati wonse unali mommo basi. Akuchimuna anali atalonjeza kudzaonera Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ku Kasina, ndipo apongoziwo anali atafika kale kwathu kuchokera ku Mphunzi.

Lachisanu m'mawa, nkhungu ili mbuu, ndinatulutsa kompyuta pakhonde n'kuivula chivundikiro kuti ipume mphepo ya kuphiri. Ndinakweza liwiro. Inathamanga. Ndinakwezanso, inathamangabe. Kenako ndinaizimitsa n'kuisiya pompo kuti izizire bwinobwino, ine n'kukamwa tiyi ndi mbatata, ndikudziona ngati munthu amene dziko silinamudziwe.

Pobwerako ndinaona timadontho ta madzi pa ramu ndi paliponse m'katimo. Munthu wanzeru akanaima. Ine ndinadina batani. Timagetsi tija tinaphethira kamodzi, kenako zii.

"Bambo a Tadala, mwaitani?" anafunsa mkazi wanga ataima pakhomo.

"Ikupuma pang'ono."

"Nanga thukuta mukutulukalo, kuzizira konseku? Ukwati wa Chisomo uli mommo?"

Ndinangoyang'ana kuphiri, lomwenso silinkaoneka.

Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Iwo anali kuseri kwa nyumba akukonzeka kuyanika ufa, ndipo anamva zonse. Analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti mawu akhote pakona.

"Iwe, tawafunsa bambo a Tadalawo. Chinthucho chapsa kapena changonyowa?"

"Akuti chapsa kapena changonyowa?" anabwereza mkazi wanga, ngati ine ndili ku Joni.

"Auzeni kuti mwina changonyowa."

"Chonyowa sitilira maliro, timayanika," anatero mawu a kuseri. "Abwere nacho dzuwa likatuluka."

Zowerenga zanga zonse zinandithera. Ndinamasula ramu ndi ziwalo zina, mkazi wanga n'kukaziyala pachitenje chatsopano cha amayi ake, m'mphepete mwa mphasa ya ufa. Apongozi anakhala pambali, bango lili m'manja. Nkhuku za kwathu zinauleka ufawo, zonse maso pa tonyezimira tija. Tambala wa aneba atafika pafupi n'kupendeketsa mutu, chitsononkho chinamupeza pakhosi (sindinkadziwa kuti mayi wa Chigwirizano amalasa chonchi). Anthu opita kumsika ankaima n'kumafunsa.

"Amayi, nanga izi ndi mbewu yanji?"

"Ndi zapantchito za bambo a Tadala. Zimafuna dzuwa. Yendani bwino."

Sanawonjezerepo liwu, ngakhale kwa amayi anzawo. Loweruka analonderanso mpaka dzuwa kupendeka, pomwe ufa wawo unali utauma kalekale.

Lamulungu m'mawa ndinabwezeretsa zonse. Ndinayamba ndachotsa kabatire kakang'ono ka m'kati kuti kompyuta iiwale malamulo anga a liwiro aja, ndipo pobwezera ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga. Ndinadina. Timagetsi tinayaka, tofiira, tobiriwira, ndipo ukwati unali mommo wathunthu.

Masana alendo anadzaza pabalaza. Chisomo ataonekera pa TV atavala velo, nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Ine ndinakhala pakona. Apongozi, atatembenukira kukhoma, anauza mwana wawo kuti, "Uwauze kuti anajambula bwino." Basi. Za mphasa sanazitchule, ndipo mpaka lero sanazitchulepo. Pobwerera ku Mphunzi ananyamula chitenje china chatsopano ndi shuga zomwe ndinawagulira, koma ndikudziwa kuti sizikukwanira.

Ramu ija tsopano imayenda pa liwiro lomwe inabadwa nalo, ndipo ntchito ikutheka. Kungoti Juni uno, nkhungu itatsikanso, ndinapezeka ndaima pakhonde, kapu ili m'manja, ndikuganiza kuti mwina cholakwika chinali kuizimitsa kuja. Mkazi wanga anandiona.

"Bambo a Tadala," anatero, "amayi ali ku Mphunzi, akukolola. Wolondera nkhuku palibe."