Tsiku Limene Ndinawotcha Lole ya Apongozi

Mukadzamva mkamwini akuti "kameneka n'kakang'ono, ndikonza pompano," mugwireni manja onse awiri, mukamumangirire pamtengo wa mango. Ndikunena izi phewa langa lakumanja likuphwanya, ndipo chifukwa chake mumva.

Ine ndili pachikamwini kuno ku Milange, chaka chachitatu tsopano. Ntchito yanga ndi yothira nyimbo m'mafoni pamsika, ndipo anthu amanditcha tekiniku (dzinali ndinadzipatsa ndekha, iwo anangolandira). Apongozi anga aamuna anali dalaivala wa malole. Msewu wa ku Quelimane anauyenda zaka zambirimbiri mpaka matenda a shuga anawadulitsa mwendo. Atachoka kuchipatala ankangokhala chigonere, maso kudenga, osafuna kuyankhula ndi munthu. Mwana wawo wa ku Nampula ndiye anawatumizira kompyuta yakale, ya chibokosi chija, pamodzi ndi chiwongolero ndi masewero oyendetsa lole. Munthu anadzuka! Masana aliwonse ankasamba, kuvala malaya a kolala, kukhala pakhonde n'kuuyamba ulendo. M'zaka ziwiri anachoka pa dalaivala waganyu wa m'masewerowo mpaka kukhala ndi lole yawoyawo, yofiira, yaitali. Ankaikonda kuposa tonsefe, ndipo sankabisa.

Tsono masewerowo anayamba kudukiza. Lole ikuyenda bwinobwino, mwadzidzidzi chithunzi chaima njo, kenako chadumpha, lole ili kale m'ngalande.

Kwathu kuno mkamwini sayankhula ndi apongozi ngati mnzake wa kumpira. Uthenga umadzera mwa mkazi wako, ngakhale nonse mutakhala pakhonde limodzi, mukumva kupuma kwa wina ndi mnzake.

"Uwauze amuna akowa," anatero apongozi, maso ali pa mkazi wanga, "kuti kamiyau yanga, lole yofiira ija, ikuchita chibwibwi. Kapena akudziwa munthu woziwona zimenezi."

"Mwamva, bambo a Nita?" anatero mkazi wanga.

Ndinamva bwino lomwe. Anati kapena ndikudziwa munthu. Sanati ndikonze ine. Koma zaka zitatu ndikudya pakhomo pa eni, ndinkafuna tsiku limodzi lokha anene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa mutu.

"Uwauze bambo kuti munthuyo ndine. Kameneka n'kakang'ono."

Ndinawonera kanema mmodzi wa pa intaneti, wa Chipwitikizi cha ku Brazil chothamanga ngati munthu wothawa galu. Ndinamvapo theka. Theka linalo ndinadzaza ndekha.

Poyamba ndinatsitsa zonse zokongoletsa chithunzi. Mithunzi ndinachotsa, mvula ndinachotsa, mitengo inasanduka timizere tobiriwira. Apongozi anagwira chiwongolero, kuyang'ana kumanja, kuyang'ana kumanzere.

"Uwafunse, magalasi anga oonera kumbuyo apita kuti?"

"Uwauze kuti magalasi amalemetsa kompyuta."

"Uwauze kuti dalaivala wopanda magalasi ndi mfiti."

Ndinabweza magalasi, chibwibwi chinabwereranso. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine ndinazimitsa kompyuta, poyatsanso n'kulowa kumalo obisika aja a buluu amene amati bayosi, kumene kuli manambala olamula liwiro la makinawo. Mnyamata wa mu kanema anati uzikweza pang'onopang'ono, ukuyesa. Ine ndinati pang'onopang'ono ndi za anthu amantha. Nambala iliyonse imene inalola kukwera ndinaikweza mpaka pamapeto, ina yolemba chenjezo lofiira ndinaikwezanso (zilembo zofiira ndinkaganiza kuti zikutanthauza mphamvu).

Kompyuta itayaka, fani ya mkati inayamba kulira ngati chigayo. Nkhuku zinachoka pakhonde.

"Uwafunse ngati agula ndege," anatero apongozi. "Injini yanga sindikuimva."

Apa ndiye mutu wanga unandipereka. Ndinaganiza kuti chinthu cholira chonchi ndiye chikudya magetsi onse, lole n'kumatsala ndi njala. Ndinatsegula chibokosi ndi mpeni wa kukhitchini. Mkatimo fumbi linali lochita kulimapo mbatata, koma ine fumbi sindinalione ngati nkhani. Ndinagwira kawaya ka fani n'kukoka. Kanakana. Ndinakokanso mwamphamvu, kanabwera pamodzi ndi kachinthu koyera kamene kanamatidwa pabolodi. Kachinthuko ndinakaponya m'thumba msangamsanga, n'kutseka.

Abale, kunali zii! Ndipo lole inayenda. Inayenda mosalala ngati ikutsetsereka pa mafuta, mitengo ikudutsa, magalasi ali mbee. Apongozi anaseka mpaka usinini kuoneka, kuseka kumene ndinali ndisanakuonepo chifikireni pakhomopo. Anaitana apongozi aakazi kuti adzaone. Ine ndinapinda manja pachifuwa n'kuuza mkazi wanga, mokweza kuti onse amve, kuti zinthuzi zimafuna sukulu.

Sizinathe mphindi khumi. Apongozi aakazi ananunkhiza mphepo n'kuthamangira kukhitchini akukuwa kuti nyemba zapserera. Nyemba zinali bwinobwino. Nthawi imeneyo n'kuti lole yangofika kumene ndi katundu, masewero akusunga ulendowo, ndiye kompyuta inangoti thi! Mdima.

"Ikupuma," ndinatero. "Uwauze kuti ikupuma."

Mkazi wanga sanauze munthu. Anangondiyang'ana.

M'mawa mwake ndinakwera nacho chibokosicho pa njinga ya kabaza, nditachikulunga m'chitenje ngati ndikupita nacho kusikelo, mpaka kwa mayi wina wokonza makompyuta kufupi ndi msika. Anatsegula, kupemerera fumbi, n'kutsokomola.

"Epa! Vuto linali fumbi ili basi. Imatentha, ndiye imadukiza. Nanga fani anazula ndani?"

"Makoswe," ndinatero.

"Makoswe ake analowanso m'bayosi n'kukweza manambala?"

Ndinatulutsa kachinthu koyera m'thumba n'kukaika patebulo. Mayiyo anabweza manambala onse m'malo mwake, kompyuta inayaka. Koma anati polumikizira fani ndinapawononga, chofunika kuikapo n'choitanitsa ku Nampula, ndipo sanalonjeze tsiku. Pakadali pano chibokosi chizikhala chotsegula, chizipeza mphepo. Kenako anatsegula masewero aja. Lole yofiira kunalibe. Zaka ziwiri zonse zinapita ndi kuzima kuja, pagalasi pankangofunsa dzina la dalaivala watsopano.

Apa nthabwala zinandithera. Ndinachita mantha enieni, osati oopa kukalipidwa ayi, koma oopa kuti bambo aja abwerera pamphasa, maso kudenga, ndipo wowagonekapo ndikhala ine.

Nditafika ndinagwada patali n'kuyamba, "Mayi a Nita, muwauze bambo kuti…"

"Ndiuzeni nokha, akamwini," anatero apongozi. Aka kanali koyamba kundiyankhula mwachindunji, ndipo ndinalakalaka akanapitiriza kudzera mwa mwana wawo.

Ndinaulula zonse, mpaka bodza la makoswe. Anasisita chiwongolero. Kenako anapempha malaya awo a kolala.

"Ndinayamba ndi lole ya eni, ndiyambanso ndi ya eni," anatero. "Koma kamiyau siyenda popanda ajudanti, mnyamata wothandiza dalaivala. Mwati ikufuna mphepo? Mayi, apatseni lichero."

Lero ndi mwezi wachiwiri. Ikangokwana thuu koloko ndimatseka pamsika, kukakhala pa kampando pambali pa chibokosi chotsegula, n'kumakupiza ndi lichero mpaka katundu afike. Anthu odutsa amaima kumaonerera. Anzanga a pamsika dzina la tekiniku analisiya, limene akunditcha pano sindilemba. Ndikangofuna kusintha dzanja, lole imayamba chibwibwi, apongozi osatembenuka n'komwe amangoti, "Ajudanti, mwagona?"

Koma chilungamo chinenedwe. Ndikakupiza ndi mphamvu, masewero aja sadukiza ngakhale pang'ono. Ndinalonjeza kuti ndikonza, ndipo ndikukonza ndithu, tsiku lililonse, kuyambira thuu mpaka faifi.