Kagudumu Kamene Kanagwa Pakati pa Kolona

Pali mapemphero amene Mulungu amayankha pang'onopang'ono, ndipo pali ena amene amayankha munthu usanafike n'komwe pa "Amen". Langa lina linali la mtundu wachiwiriwu. Ndikalikumbukira manyazi amandigwirabe, ngakhale tsopano ndili ndi zidzukulu.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, nkhondo ya ku Rhodesia ili mkati. Amuna anga anali atangopeza ntchito yochapa nsalu za odwala pa mishoni, ndipo anatipatsa nyumba yoyamba mu mzere wa antchito. Ine ndinakulira kwa Shikabeta, kumene madzi amabwera pamutu. Tsono nditaona pompi yangayanga pakhomo, ndinagwada n'kuthokoza Ambuye. (Sabata yoyamba ndinkaiuza "zikomo" ndikatha kutunga. Musaseke.)

Amuna anga anandichenjeza kamodzi kokha. "Amake Tereza, nyumba ino ndi ya ntchito. Woononga zinthu amamuchotsa." Mawu amenewo anakhazikika mumtima.

Ndiye Lachiwiri lina, iwo atapita kumaliro ku Chinyunyu, pompi ija inayamba kudontha. Tho, tho, tho. Pofika masana pansi pake panali matope. Loweruka asisitere oyang'anira nyumba za antchito ankayendera makomo, ndipo matope ankadana nawo chifukwa cha udzudzu. Pulambala analipo, baLungu, munthu wofatsa. Koma ndinaganiza kuti ndikawaitana, ndiye kuti ndavomera ndekha kuti ndaononga pompi ya eni ake.

Poyamba ndinaitseka ndi mphamvu zonse, ngati ndikupotokola khosi la nkhuku. Kudontha kunasanduka kamtsinje. Sindinamvetse. Chinthu ukuchitseka, icho n'kumatseguka?

Kenaka ndinatenga lekeni ya chubu chakale cha njinga n'kuikulunga kukamwa kwake ngati chala chotupa. Madzi anasiya kutuluka pansi, anayamba kutulukira pamwamba, molunjika kumaso kwanga. Amake Bonifasi, a nyumba yachiwiri, anasuzumira pampanda.

"Mwayamba kusamba mutavala, mayi?"

"Kwatentha," ndinatero, mano akugundana.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti tsiku lina ndinaona baLungu akuvundukula kachitsulo kuseri kwa nyumba yathu n'kupisamo dzanja. Ndinapita, ndinavundukula, ndinapeza kagudumu kofiira pamwamba pa paipi. Ndinachita chizindikiro cha mtanda n'kukapotokola mpaka kanakana. Pobwerera, pompi inali zii. Ndinaimba nyimbo yothokoza ndikukwirira matope ndi mchenga.

Chimwemwe chinatha nditafuna madzi ophikira. Ndinatsegula, pompi inangopuma mpweya ngati nkhalamba yokwera phiri. Ndinachotsa lekeni, osatuluka kanthu. Ndinaigogoda ndi mthiko, osatuluka kanthu. Ndinathamangira ku kagudumu kaja, koma ndinali nditaiwala mbali imene ndinapotokolera. Kumanja kapena kumanzere? Ndinayesa uku, kanakana. Ndinati mwina kakufuna mphamvu, ndinapisa mpini wa nkhwangwa n'kukanikiza. Kanabwera m'manja mwanga konse, ngati dzino la mwana.

Ndili chiimire ndi kagudumu m'manja, ndinamva amake Bonifasi akufunsa, "Kwanunso kulibe madzi?" Kenaka mawu ena kutsogolo, ndi enanso, mpaka kumapeto kwa mzere. Ine ndinkayesa kagudumuko ndi ka nyumba yanga yokha. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti madzi a makomo asanu ndi limodzi amadutsa kuseri kwanga? Ndinakamanga msanga pa ngodya ya chitenge, pamene timamanga zinthu zosafuna maso a anthu.

BaLungu atabwera anasuzumira m'dzenjemo nati, "Pano pachoka kanthu. Koma ndi sipanala nditsegula pompano."

"Asakhudze munthu." Awa anali baMwale, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amene anafika ndi njinga thukuta lili kamukamu. "Masiku ano adani akulowa m'dziko. Lero achotsa ichi, mudziwa bwanji chimene asiyamo? Mpaka apolisi aone."

"Ba Tcheyamani, mdani achoke ku Rhodesia kudzaba kagudumu?"

"Mdani sayamba ndi zazikulu, baLungu."

Ine ndinavomera ndi mutu pamodzi ndi anzanga. (Ambuye andikhululukire, ndinanenanso kuti "anthu ndi oipa".)

Masiku awiri tinkapita kumtsinje ndi ndowa. Amake Bonifasi anali ndi mapasa a miyezi iwiri, matewera mulu. Ndinkawatungira ndowa zitatu patsiku, iwo n'kumati, "Mayi inu muli ndi mtima wa mngelo." Mngeloyo kachitsulo kakumugunda pantchafu sitepe iliyonse. Kukasiya m'nyumba ndinkaopa, poti baMwale anati adzafufuza makomo. Kukataya m'chimbudzi mtima unkakana, si kanga. Kuulula, ndinkaona katundu wathu ali panja.

Lachisanu masana amayi a mu mzere tinasonkhana pakhonde la simenti la amake Bonifasi kupemphera kolona, asisitere aja ali pomwepo. Titafika pakati, mwini khonde anati, "Amake Tereza, inu pemphero lanu limafika msanga. Tipempherereni."

Ndinagwada bwino. "Ambuye, mutibwezere madzi athu."

"Ndi mdaniyo," amake Bonifasi anandinong'oneza.

"Ndi mdaniyo, Ambuye," ndinatero, "mumuonetse poyera. Koma mwachifundo."

Ndinawerama kuti ndimalize. Mfundo ya chitenge, imene inapirira masiku atatu, inamasuka. Kagudumu kanagwa pasimenti, ngwee, kanagubuduzika pakati pa amayi onse mosafulumira, kanazungulira kawiri n'kugona pa phazi la asisitere.

Wina kumbuyo anati, "Amen."

Asisitere anakatola, anakayang'ana, anandiyang'ana ine. Ndinafotokoza zonse ndili chigwadire, kuyambira pa tho, tho, tho mpaka pa mpini wa nkhwangwa. Pomaliza ndinafunsa, "Asisitere, tilongedze liti katundu?"

"Mulongedze kupita kuti?" Milomo yawo inkagwedera, akulimbana ndi phwete. "Mukachoka, tidzamupeza kuti wina wa mapemphero ofulumira chonchi? Pitani mukaitane baLungu. Mukawauze nokha."

BaLungu anabwezera kagudumu, anamasula mutu wa pompi yanga, n'kundionetsa kamphira kakutha, kakang'ono ngati batani la malaya. Anadula kena pa tayala lakale n'kuikamo. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe, ntchito inali itatha.

"Nthenda yonse inali iyi, mayi. Timphira timatha tokha, si mlandu wa munthu. Mukanangondiitana."

BaMwale anapalasa njinga kukabweza uthenga wa kupolisi, ndipo anatha mwezi osandiyankha moni. Amake Bonifasi anangoti, "Ndowa zija ndimayesa chikondi, kani chinali chilango." Ndinawauza kuti zinali zonse ziwiri, ndipo tinakhala paubwenzi mpaka mapasawo anakwatira. Amuna anga potsika basi analandiridwa ndi mawu akuti, "Mwabwerako, amuna a mdani?" Anafika pakhomo osadziwa chimene chachitika, ine n'kuwapatsa madzi akumwa a pa pompi, kapu yodzaza, ndisanayambe kufotokoza.

Nyumba ija tinakhalamo mpaka iwo anapuma ntchito, ndipo ndimathokoza. Ndinaphunzira kuitana odziwa. Zoona, mwezi watha pompi ya kwa Tereza itayamba kudontha, anandipeza ndikuzungulira kuseri kwa nyumba ndikuyang'ana pansi, koma ndinkangoona chabe. Chimene ndinasiyiratu ndi chimodzi: wina akati tipemphere kuti wolakwa aoneke poyera, ndimayamba ndagwira ngodya ya chitenge changa.