Kampopi ka Apongozi

Lolemba

Kuzizira. Nkhungu yatsika phiri, mbuzi zikukana kutuluka m'khola, ndipo ine ndikuzimvetsa.

Nkhani ndi iyi. Apongozi aamuna, a Ngozo, abwera dzana kuchokera kuchipatala. Njira ya mkodzo idatsekeka, ndiye awaika kachubu, kumapeto kwake thumba la pulasitiki, pansi pa thumbalo kampopi. Likadzaza utsegula, utaya, utseka. Nzeru zabwino. Koma abwera pangolo, ndipo msewu wathu uno suchitira chisoni ngakhale matumba a kachewere. Kampopi kathyokera m'njira. Tsopano thumba likungodontha, pamphasa, pabulangete, paliponse.

Awatu ndi munthu amene adaphunzitsa katekisimu ku Kasina mpaka imvi, munthu wosita ndi mpango wam'thumba womwe. Lero nyumba yawo ikununkha ngati khola la mbira. Ndiye mlandu aweruza okha: madzi akapanda kulowa, satuluka. Asiya kumwa. Adokotala adawauza kuti azimwa kwambiri, apo ayi impso zifa. Iwo akuti impso si zimene zikuwachititsa manyazi.

Mkazi wanga Filomena wandipeza pansi pa mtengo wa pichesi, pamene ndimakonzera njinga, maso ali psuu. Akuti, "Inu mumatsekera mpweya m'tayala. Madzi angakukanikeni?" Sangandikanike! Ndavomera nthawi yomweyo.

Chovuta n'chimodzi. Ndine mkamwini. Chikwatirire m'mudzi muno sindinakhalepo mphasa imodzi ndi a Ngozo, kuchipinda kwawo ndiye sindilotako n'komwe. Filomena naye sangaone bambo ake atavula. Ololedwa kuona ndi kugwira ndi apongozi aakazi okha, ndipo amenewo ndi omwe ndikakumana nawo panjira ndimalowa kutchire. Choncho ndikonza chinthu chimene sindichiona, kudzera mwa munthu amene sindiyankhula naye.

Zofunika:
- kudziwa kunenepa kwa kachubu kotulutsirako
- mphira, waya, phula
- kumaliza lisanafike Loweruka, poti kuli msonkhano wa chipani pasukulu ndipo sipakhala wotsala
- kusadandaula

Lachiwiri

M'mawa ndapalasa kupita kuchipatala chaching'ono kukapempha thumba lina. Adokotala ayang'ana kukhomo, ayang'ana kuwindo, kenako akweza mawu: "Matumba alipo ambiri m'dziko muno. Kungoti sanafike." Ndafunsa kuti afika liti. Andifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani. Ndili nalo. Tatsanzikana bwino.

Ndikulemba apa kuti aliyense wodzatola kabukuka adziwe: sindikudandaula. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Masana, msonkhano woyamba wa akatswiri. Ine kuseri kwa nkhokwe, kuyang'ana kuphiri. Apongozi aakazi mbali inayo, kuyang'ana kudimba. Filomena pakati, kunyamula mawu amene tonse tawamva kale. Palibe akutchula chinthucho ndi dzina. Chikutchedwa katundu wa bambo. Ndafunsa kuti katunduyo ndi wonenepa bwanji kumapeto. Apongozi aakazi alowa m'nyumba, akhalitsa, atuluka ndi kaphesi ka udzu wofolerera. Akuti ndi choncho. Kenako akuti mwina wonenepako pang'ono. Kenako akuti maso awo masiku ano ndi a nkhungu.

Njira yoyamba: kutseka. Ndasema kamtengo molingana ndi kaphesi, ndakapaka phula. Poyesera ndadzaza madzi m'chubu chakale cha njinga, ndachipachika panthambi, ndatsekera. Sichikudontha! Filomena watenga kamtengoko m'kambale kovundikira, ngati akupereka ndiwo.

Lachitatu

Kamtengo kachepa. Apongozi aakazi akankha, kalowa konse, kakwera, tsopano kakuyandama m'thumba. Akuti a Ngozo akungokayang'ana kakuzungulira. Bola akadanditukwana.

Ndafunsa kuseri kwa nkhokwe ngati kaphesi kaja adayezera kunja kapena mkati. Funso limeneli Filomena wakana kulinyamula, akuti n'lopanda ulemu.

Njira yachiwiri: kupana. Ndang'amba kansungwi pakati, ndamanga mphira kumapeto, chatuluka chopanira chooneka bwino. Ndayesera pachala changa, chala chada. Ndatumiza. Chaluma! Kwa kanthawi nyumba yonse yapuma. Kenako a Ngozo atembenuka, nsungwi yacheka kachubu ngati lumo. Apongozi aakazi adula chidutswa chong'ambikacho, kudontha kwapitirira pamene kudasiyira.

Zimene a Ngozo adya lero: kachewere wootcha, wouma.
Zimene amwa: palibe.

Filomena wagwada pakhomo pawo ndi chikho mpaka mawondo kuwawa. Bambo ake akuti adamwa kale kuchipatala. Masana ndawamva akuyesa nyimbo ya kutchalitchi, mawu akukhwekhwereza ngati tcheni chopanda oilo. Ndachita mantha, ndinene zoona. Munthu uyu sadandilakwirepo. Pamene ndinkafika muno ndi pampu ndi sipanala basi, ndi iwo adandilozera malo pansi pa pichesi.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru. Vavu ya njinga! Chinthu chimene ndachigwira moyo wanga wonse. Chitsulo chabwino, sichicheka, sichiyandama.

Zanga zonse n'zadzimbiri, ndiye ndapalasa mpaka kumsewu waukulu kwa a Twaibu, ogulitsa zitsulo za njinga. Popita anyamata a chipani a malaya ofiira andiimitsa kuona khadi. Pobwera omwewo andiimitsanso, mwina khadi limaphwa panjira. A Twaibu andifunsa kuti njinga yake ndi yotani. Ndati yakale, yolemekezeka, yosafuna kuonedwa. Andiyang'ana kanthawi, andisankhira vavu yonyezimira kuposa zonse, akuti Mulungu aichiritse njingayo.

Kuyesera pachubu cha panthambi: gwa! Ngakhale dontho.

Malangizo kuseri kwa nkhokwe: alowetse vavu m'kachubu, amange ndi waya wofewa, akafuna kutaya apotokole kamutu. Filomena wabwereza zonse. Apongozi aakazi ati, "Ndamva, si ine mwana." Mawu amenewo Filomena sanandibweretsere, koma afika.

Madzulo mphasa youma! A Ngozo amwa thobwa chikho chonse, apemphanso madzi. Filomena wandikazingira dzira. Ndikuyenda pabwalo ngati tambala. Ndayamba kale kuganiza zokaonetsa nzeruyi kwa adokotala. Mwina matumba onse a m'dziko muno, akadzafika, adzakhala ndi vavu yanga.

Lachisanu

Sikutseguka.

Kamutu ndidakalimbitsa ndi pulaya kuti kasadonthe. Zala za apongozi aakazi n'za nyamakazi. Apotokola, akanika. Ayesa ndi mano, akanika. Thumba latupa ngati mimba ya mbuzi yoba chimanga, madzi ayamba kubwerera kumene adachokera. A Ngozo akubuula, akunjenjemera, thupi moto.

Ine ndaima kuseri kwa nkhokwe, pulaya m'manja. Kuchokera pamenepo kufika pakhomo pawo ngakhale mwana wokwawa afika. Ndatuma Filomena akafunse ngati ndingalowe. Yankho la a Ngozo silinadzere mwa munthu, laboola khoma lokha: "Kuli bwino kufa kusiyana n'kuti mkamwini andione chonchi."

Ndatumiza pulaya. Apongozi aakazi sakudziwa kogwira. Pomaliza atenga mpeni wosendera kachewere, adula kachubu pamwamba pa waya. Ndamva madzi akukhuthukira m'beseni, ndamvanso iwo akulira. Vavu yabwerera kwa mwini wake m'kambale kovundikira.

Kachubu katsala kafupi.

Madzulo kwabwera atcheyamani a nthambi yathu ya chipani, aima pabwalo chipewa m'manja. Nawonso katekisimu adaphunzira kwa a Ngozo. Apepesa za matenda, kenako akumbutsa za mawa. Mwana wa mlongo wa a Ngozo adawolokera ku Mozambiki osatsanzika, ndiye banja lino limawerengedwa mitu pamsonkhano uliwonse. "Akapanda kuoneka, ofunsidwa ndine," atero atcheyamani. "Ndikafunsidwa ine, mawa lake ofunsidwa ndinu nonse." Tawathokoza potiyendera.

Loweruka

Njira yomaliza: kupinda kotsalako, kukulunga ndi mphira. Palibe luso apa, amayi amamanga choncho timatumba ta nyemba. Apongozi aakazi akuti amanga mmene zala zawo zalolera.

A Ngozo atuluka. N'koyamba kuwaona chibwerere. Suti yakuda yositidwa, yawakulira. Mpango m'thumba la jekete. Katundu uja wabisika m'mwendo wa thalauza. Apongozi aakazi awakakamiza tiyi kuti asakagwe pamaso pa alendo. Ndawakweza panjinga yanga; mwambo ukulola, poti ndawapatsa msana. Opepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndikuzemba mwala uliwonse.

Pasukulu, dzuwa ndi mphepo. Khalani pansi. Imirirani. Ombani m'manja. Khalani pansi. Mlendo wochokera kuboma akufotokoza kuti tili pamtendere, tikudya, zipatala zadzaza mankhwala. Ombani m'manja. Imirirani. A Ngozo awaika mzere wa kutsogolo, wa akuluakulu, kuti aoneke bwino. Maso anga ali pamwendo wa thalauza lawo. Akaimirira, ndikuona ngati mphira ija ikusuntha.

Yamasuka pa nyimbo yotsekera.

Thalauza lada kuyambira pabondo, nsapato yadzaza, kamtsinje kayenda pafumbi kulunjika kutebulo la alendo. Nyimbo imeneyo sakhalira pansi, sachokerapo. A Ngozo aimba mpaka kumapeto, manja m'mbali, mawu onse bwinobwino, monga ankaphunzitsira ana kuimba kutchalitchi. Ambiri pabwalopo ndi ana awo a katekisimu. Palibe waseka. Atcheyamani asendera pang'ono, afotsera kamtsinjeko ndi phazi, maso ali kumwamba, akuimbabe.

Tikubwerera panjinga. Ndikumva nsapato yawo ikudontha pa tcheni. Pafupi ndi mudzi anena mawu amodzi kumsana kwanga: "Mwayesetsa." Ndangopalasabe.

Afika, agona choyang'ana kukhoma. Madzi ayi. Thobwa ayi. Ngakhale kunyowetsa milomo, ayi.

Lamulungu

Belu la ku Kasina lamveka. Pano palibe wapita.

Amayi a m'mudzi ayamba kudutsa ndi nkhuni. Aliyense akuti wangodutsa, koma mtolo akuusiya kuseri kwa khitchini. Nkhuni zotere timazidziwa, n'zimene zimayaka pamaliro. Filomena waziona, walowa m'nyumba mwathu, watseka chitseko.

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe, poti ndazolowerako. Ndamva mapazi. Ndadzambatuka kuti ndithawe, koma apongozi aakazi azungulira nkhokwe, aima patsogolo panga, andiyang'ana m'maso. Ali ndi kachipsera pachibwano, sindinkadziwa.

"Mwananga, lowani," atero. "Mwambo tiulipira nkhuku. Bambo anu sitingawagule ndi nkhuku."

Ndalowa. A Ngozo afunda bulangete mpaka kumutu, thumba lili pambali pa mphasa. Ndachiona tsopano chinthu chimene ndakhala ndikuchikonza sabata yonse. N'chonenepa ngati chala changa chaching'ono. Kaphesi ka udzu! Ndikadachiona Lolemba, chivindikiro cha bolopeni chikadakwana. Lero kangotsala kachidutswa kosagwirika ndi waya, mphira kapena nsungwi. Kangokwana zala ziwiri.

Ndagwada, ndatsina.

M'bulangete mwatuluka mawu: "Ndani?" Ndati ndine. Kenako, "Mwagwira?" Ndati ndagwira. Afunsa ngati sikudontha, ndati ayi. Dzanja latuluka, apongozi aakazi aikamo chikho. Amwa pang'ono, atsokomola, amwanso. Nkhope sanaionetse, nanenso ndikuyang'ana kukhoma, kuti mwambo usafe wonse tsiku limodzi.

Ndiye ndi pamenepa. Thumba likalemera ndimasula zala pachitini, ndikatha nditsinanso. Njinga za anthu zaunjikana pansi pa pichesi, zidikire. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, kabuku pabondo. Mapazi a a Ngozo atupa, thupi likadali moto, ndipo zimene zikutsika m'thumba n'zochepa, zofiira. Kamtengo kanga ka Lachiwiri kakadali momwemo, kakuzungulira. Matumba alipo ambiri m'dziko muno. Zala zachita dzanzi. Sindikudandaula.

Kunja mtolo wina wagwa pansi. Ndagwirabe.